Kapitawo Wamaliza Makoswe

"Sabata ino wagwira angati?" anafunsa Farida uku akuyanika mpunga pamkeka.

Bambo ake, a Swaleh, anakanda ndevu. "Mmodzi."

"Uja wa Lachiwiri? Ababa, ameneyo anali buluzi."

Kapitawo anali chigonere pansi pa mtengo wa mango, khutu limodzi lili tcheru. Anali galu wamng'ono wa miyendo yaifupi, ubweya wokhakhala ngati chingwe cha khonje. Mwini wake anali a Enifa, oyandikana nawo pa Chia pompo, amene posamukira ku Dwambazi anamusiyira a Swaleh. Chinali chaka chimene amayi ake a Farida anamwalira, ndipo makoswe ankaboola matumba a mpunga ngati alembedwa ganyu.

A Swaleh anayamba akafunsa kwa shehe. Yankho linali lomveka: Msilamu atha kusunga galu woteteza mbewu, bola asalowe m'nyumba, pakuti malovu ake ndi najisi, kutanthauza kuti ndi odetsa. Koma galu wongocheza naye, ayi.

Tsoka lake, Kapitawo ankaidziwa ntchito mopitirira muyezo. Ankalowa pansi pa matumba, kukumba una, kugwira khoswe pakhosi n'kumugwedeza kamodzi basi. Pomatha miyezi isanu ndi itatu, m'kanyumba kosungiramo mpunga munalibe ngakhale ndowe imodzi ya khoswe. Galu anadzichotsa yekha ntchito.

"Kapitawo wopanda ntchito ndi lova," anatero Farida. "Loweruka a Juma akabaza aja akupita ku Dwambazi. Akamubweze kwa a Enifa. Ndatopa ine kutsuka mabeseni kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi, chifukwa cha lilime lakelo."

"Makoswe ndi ochenjera, mwanangu. Angobisala."

"Abisala kumanda."

A Swaleh anangokandanso ndevu. Lamulo la shehe lija ankalidziwa kuposa mwana wawoyo.

Lachinayi m'mawa Farida ankasesa kuseri kwa kanyumba kaja pamene tsache linagunda dengu lovundikira. Atalitukula anapeza mbale yakutha yodzaza madeya ndi mitu ya usipa, yoikidwa bwinobwino pakhomo pa una wakale. Denguli linali lotchingira nkhuku. Wina wake ankakonzera makoswe phwando.

Asanatsegule pakamwa anamva mawu a bambo ake mbali ina ya khoma. Anasuzumira. A Swaleh anali atakhala pamtondo wogubuduzika, akukanda galu kumsana ndi kamtengo kuti dzanja lisanyambitidwe, popeza anali atasamba kale udhu wokonzekera pemphero.

"Pirira, mnzanga, ndawaitana," ankatero. "Koma akabwera usawamalize onse, wamva? Siyako awiri ambewu. Iwe vuto lako ndi khama. Mayi a Farida analinso choncho. Ankapalira mpaka m'munda mwa eni."

Anaseka okha. Kenako anayamba kumufotokozera galuyo za mvula ya chaka chimene anakwatira, za bwato lomwe linamira ndi thumba la mchere, za mwendo wawo umene ukupweteka koma sakufuna kuvutitsa mwana. Kapitawo ankangopendeketsa mutu. Chichokereni pamaliro, Farida anali asanawamvepo bambo ake akulankhula motalika chotero. Kwa Faridayo ankangoti "inde" ndi "Alhamdulillah".

Anavundikiranso dengu lija mwakachetechete.

Loweruka a Juma anafika ndi njinga yamoto, katoni yoboolaboola ili pakaliyala. A Swaleh anadzuka pang'onopang'ono, chingwe chili m'manja, maso ali pansi.

"Pepani a Juma, takutayitsani nthawi," anatero Farida ali pakhonde. "Galuyu sachoka. Makoswe akubwera."

"Mwawaona?" anafunsa a Juma.

"Ayi. Ndangomva kuti aitanidwa."

A Juma anayang'ana bambo, n'kuyang'ana mwana, n'kukwera njinga yawo akupukusa mutu. A Swaleh anatsala chiimire ndi chingwe chawo.

"Galu wamkota sakandira pachabe," anatero Farida, koma sankayang'ana galu. "Komatu ababa, madeyawo muziika pang'ono. Ndi a nkhuku zanga. Ndipo mwendowo bwerani nawo kuno ndiuone."