Amene Anathyola Dzanja la Bambo

Kwathu amanditcha Kafukufuku. Dzinali analiyambitsa ndi achimwene anga, pondiseka kuti ndimalandira malipiro chifukwa chofunsa anthu mafunso. Ndimagwira ntchito kubungwe laling'ono lofufuza za umbanda, ndipo kwa zaka zingapo ndinkatsatira anthu ogwidwa koyamba pa milandu ing'onoing'ono, monga kuba nkhuku, kupisa m'thumba, kapena kwanula zovala za eni pachingwe. Ena khoti linkawatumiza kundende. Ena linkawalamula kugwira ntchito yothandiza anthu, akugona kwawo. Ine ndinkawayendera onsewo kuti ndione amene wabwerera ku zakale. Zimene ndinapeza zinali zoonekeratu. Ambiri opita kundende ankatulukako ntchito itatha, banja litapasuka, atadziwana ndi akatswiri a umbanda. Ambiri osesa kuchipatala ndi okumba ngalande sanagwidwenso.

Sabata yomwe ndimayenera kukafotokoza zimenezi kukomiti yoona za malamulo, bambo anga anaberedwa.

Bambo ndi ometa tsitsi. Tsikulo anatuluka pakhomo pa shopu yawo kuti ayankhe foni, masanasana, munthu wina n'kuwatsomphola foniyo. Iwo anakakamira, ndiye iye anawakankhira m'ngalande. Dzanja lamanja linathyoka. Wakubayo sanapite patali, anthu anamugwira n'kumupereka kupolisi.

Kuchipatala ndinapeza achimwene ataima pafupi ndi bedi, manja ali m'chiuno.

"Wabwera loya wa akuba," anatero. "Tatiuza mlongo, kasitomala wakoyu akasese kuti? Kapena timugulire tsache ndife?"

"Achimwene, ndabwera kudzaona bambo."

"Waona. Ndiye ukakawauze akuluakuluwo kuti akuba ndi anthu abwino."

Nanenso mtima unali utandiwira, moti ndikanamupeza wakubayo pakhonde, sindikudziwa kuti maphunziro anga akanandigwira mkono kapena ayi.

Atatuluka m'chipatala, bambo ankapitabe kushopu ngakhale sakanatha kumeta. Ndinawapeza atakhala pampando wa makasitomala, dzanja lili m'chikhakha, akuyang'ana makina ometera atapachikidwa pamsomali pambali pa galasi.

"Mawa ukanena chiyani kumeneko?" anandifunsa.

"Zimene ndinapeza, bambo."

"Osasintha?"

"Palibe chasintha. Dzanja lanu lathyoka, koma anthu amene ndinawatsatira aja ndi omwewo."

Anandiyang'ana kudzera pagalasi, kenako anati, "Usite shati yanga yoyera. Ndipita nawo."

Chipinda cha msonkhano chinali ndi tebulo lalitali, mabotolo a madzi, ndi fani imene inkangolira osapereka mphepo. Bambo anakhala kumbuyo pabenchi ya alendo. Wapampando wa komitiyo anali mkulu wina wa mawu aakulu, ndipo nditangomuona ndinamuzindikira, chifukwa amametetsa kwa bambo. Nkhani ya kometera sigona panjira, choncho ndinadziwa kuti zonse wazimva kale.

Anandilola kufotokoza mpaka kumapeto. Ndinawaonetsa magulu awiri aja, ndinayankha za mmene tinawasankhira, ndinavomera pamene umboni wathu unali wochepa. Ndiyeno wapampando anavula magalasi.

"Mayi, mwayankhula bwino. Koma bambo anu ali apo, dzanja lili m'chikhakha. Mukutiuza kuti amene anawapweteka akatchetche udzu, madzulo akagone pabedi pake?"



"Ayi, bwana," ndinatero. "Ameneyo anavulaza munthu, ndipo apolisi atiuza kuti aka si koyamba. Malo ake ndi kundende. Ine ndikunena za munthu amene walakwa koyamba, sanamenye aliyense, ndipo akadali ndi ntchito yoti angaitaye."

"Nayenso anayamba choncho."

"Zoona. Akuti poyamba anamangidwa ataba nsapato pamsika. Sindinganene kuti ndende ndiyo inamusandutsa chimene ali lero, chifukwa munthu mmodzi si umboni. Umboni ndi anthu ambiri aja ndakuonetsani. Ngati tikufuna kuti anthu ogwera m'ngalande achepe, tisamatenge wakuba nsapato n'kukamugoneka chipinda chimodzi ndi aphunzitsi ake."

Wapampando anatembenukira kumbuyo. "Nanga inu, achikulire, mukuti bwanji?"

Bambo anaimirira mosafulumira. "Ine amene anandigwetsayo sindinamukhululukire, ndipo musandifunse kuti ndidzatero liti. Mutsekereni. Koma za enawo mufunseni mwanayu. Ndinameta mitu yambiri kuti aphunzire, wanu womwe, ndiye musamutaye." Anakhala pansi, n'kuwonjezera chapansipansi koma momveka, "Ndipo tsitsi lakula, bwana. Mupirire mpaka dzanja lipole, musapite kwina akakuwonongeni."

Anthu anaseka, wapampando yemwe, akudzisisita kumutu.

Anakambirana mpaka madzi a m'mabotolo anatha. Mayi wina wa m'komitimo anakana kwamtuwagalu zoti opisa m'matumba akhale m'gulu la osapita kundende, ndipo anzake anagwirizana naye, ngakhale ndinawauza kuti umboni ukunena zina. Pamapeto anavomereza kuti njira yoti olakwa koyamba pa milandu ing'onoing'ono azigwira ntchito m'malo mopita kundende iyesedwe m'makhoti awiri kwa chaka, bungwe lathu likutsatira. Sizinali zonse zimene ndinapempha, koma zinali zokwanira kuyambira. Wothyola dzanja uja mlandu wake unazengedwa mwezi womwewo, ndipo anapita kundende. Ine ndinapita kukaperekeza bambo pokachitira umboni.

Ntchito itayamba kukhoti loyamba, munthu woyamba kuweruzidwa motsatira njirayo anali mayi wogwidwa ataba botolo la mafuta ophikira m'sitolo. Analamulidwa kukachapa nsalu kuchipatala cha m'dera lake. Potuluka anandiimitsa pamasitepe, mwana ali kumbuyo.

"Achemwali, akuti inu ndiye mukudziwa za zimenezi. Nanga uyu ndizimusiya ndi ndani? Kapena amalola kupita naye?"

Pa zonse zimene tinakonza, funso limenelo palibe analiganizira. Ndinamuuza kuti andidikire pamthunzi, ndinabwerera m'kati, n'kukagogoda pachitseko cha woweruza asanapite ku nkhomaliro.