Utsi wa M'botolo

Ine chipongwe sindiiwala. Ena amati ndi tchimo, chabwino, koma ndi mmene ndinabadwira, ndipo achimwene anga a Verlon anayenera kudziwa zimenezi asanandiyambe.

Anandiyamba pamaliro a amayi, m'holo ya tchalitchi, anthu atadzaza kudikira chakudya. Kwathu kuno ku America, kum'mawa kwa North Carolina, maliro satha popanda nyama ya nkhumba. Ine ndinali nditatha masiku atatu osapuma, ndiye yanga ndinaiphika m'poto wotsekera nthunzi, uja amafewetsa nyama pa ola limodzi ndi theka. A Verlon anafika patebulo, kuvundukula mbale yanga, n'kuyamba kununkhiza ngati galu wa apolisi.

"Ichi wabweretsa ndani?"

"Ndine, achimwene."

"Iwe Earline? Mwana wa a Rufus Tyndall, nkhumba ya m'poto? Pamaliro a mayi ako? Izitu ndi nsanza zowiritsa izi!"

Ananyamula mbale yonse n'kukaisiya panja pamasitepe. Azakhali athu a Odessa anaseka ataphimba pakamwa ndi kampango, ndipo azimayi ena anawathandiza kusekako. Ine mumtima ndinati, muona.

Bambo athu anakhala pang'anjo zaka makumi asanu, kuwotcha nkhumba yathunthu pamakala a mtengo wa hikori mpaka nyama izichoka yokha kumafupa. Anthu ankachokera m'maboma ena kudzadya kumalo awo odyera, ndipo ankati a Rufus akangolawa kamodzi amakuuza nkhuni zimene zawotcha nyamayo, ngakhale kuti zinali zouma kapena zaziwisi. Lilime lawo linali ulemu wa banja lonse. Miyendo itayamba kuwakana, malo odyerawo anawapatsa a Verlon. Ine, poti ndine wamkazi, ntchito yanga kwa zaka makumi awiri inali kudula kabichi.

Amayi atapita, bambo anasiya kudya. Ndikawaphikira nkhuku ankangoitembenuza ndi foloko. Thalauza linayamba kuwavuka, ndipo adokotala ananena mosabisa kuti akapitiriza kuonda sangakhalenso okha. A Verlon sanachedwe, anawapezera malo kunyumba yosungira okalamba m'tauni ina. Bambo atamva anamenya ndodo pansi.

"M'nyumba muno mudzanditulutsa ndili m'bokosi!"

Ndiye Loweruka lina ndinagula mapewa a nkhumba anayi. Ndinawadula zibenthu zazikuluzikulu, kuzipaka mchere, shuga wofiirira, adyo ndi tsabola wofiira, n'kuzikazinga m'poto wanga uja mpaka zitada m'mbali. Kenako viniga, chifukwa kwathu nkhumba yopanda viniga ndi mwano. Pomaliza ndinathira timasupuni tiwiri ta utsi wa m'botolo, timadzi takuda tija amagulitsa m'sitolo toti ukatsegula nyumba yonse imanunkhira ngati ng'anjo. Ndinatseka chivundikiro, poto n'kuyamba kufwenthera. Nthunzi itatha ndinatsegula, nyama ili wede wede, ndipo ndinainyotsola ndi mafoloko awiri n'kuibwezera mumsuzi wake. Itazizira ndinaigawa m'timatumba ta pulasitiki, kamodzi ka tsiku limodzi, n'kukatiyala m'firiji youmitsa ili kukhonde lakuseri kwa bambo. Pakathumba kalikonse ndinalembapo tsiku lokha, dzina ayi. Ndinkadziwa kuti akamva za poto sakhudza n'komwe.

Patatha masiku atatu bambo anandiimbira foni, mawu ali gwa ngati kale.

"Earline, mlongo wako uja waphunzira tsopano! Nyama wandiikira m'firijiyi, ha! Hikori weniweni, wouma bwino. Ndadya matumba awiri lero."

Mawu anafika pakhosi kuti ndinene kuti ndine. Koma ndisanatsegule pakamwa anawonjeza kuti awaimbira kale a Verlon kuwathokoza.

"Ndiye anati chiyani achimwenewo?"

"Akuti ndisadandaule, ndi udindo wake."

Udindo wake! Munthu woti firiji ya bambo ake sadziwa n'komwe kuti imatsegukira mbali iti. Mwina ankaganiza kuti akazi awo ndi amene amatumiza kuchokera kumalo odyera kuja, kaya, koma kufunsa sanafunse. Chitamando anangochilandira ndi manja awiri. Ndinakhala pansi m'khitchini mwanga, ndipo kunena zoona ndinakondwa. Nyama inali italowa yokha mumsampha.

Miyezi iwiri ndinaphika Loweruka lililonse. Bambo ankatulutsa kathumba, kutenthetsa m'kapoto, n'kudya ndi buledi wa chimanga. Masaya anabwerera. Anayambanso kukalipira agalu a aneba ndi kutsutsa alaliki a pawailesi. Adokotala atawayeza anati apitirize zomwe akuchitazo, ndipo nkhani ya kunyumba ya okalamba inazilala yokha. Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinali ndisanaiwale mbale yanga ili pamasitepe, ntchentche zikuizungulira.

Ndinakonza chakudya cha Lamlungu masana kunyumba kwa bambo. Ndinaitana a Verlon, azakhali a Odessa, ndi abusa athu a Pridgen, amene anaona zonse tsiku la maliro lija. Ndinatenthetsa matumba asanu ndi limodzi, kuika m'mbale yabwino ya amayi, pambali kabichi ndi tiyi wozizira. Abusa atapemphera, bambo analoza mbale ija ndi foloko.

"Abusa, lawani ntchito ya mwana wanga. Kale ndinkati ameneyu adzandichititsa manyazi, amapupuluma pamoto. Koma onani."

Abusa analawa n'kutsinzina. Azakhali anatapa kawiri asanameze koyamba. Ine maso anga anali pa a Verlon. Anatafuna pang'onopang'ono, akugwedeza mutu ngati woweruza milandu.

"Achimwene," ndinatero ndi mawu ofatsa, "imeneyi munaiwotcha nthawi yaitali bwanji?"

"Maola khumi ndi awiri. Moto wapansipansi, osauthamangitsa."

"Nkhuni zake?"

"Hikori, nanga n'chiyaninso? Sukumva fungolo? Komatu iwe ungamve bwanji, mphuno zako zinazolowera kabichi."

Azakhali anaseka mpaka kutsamwa. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ndinawasiya a Verlon anenerere, afotokoze za kuthira makala ndi fosholo, za utsi wolowa m'maso, za azimayi a masiku ano ofuna zachidule.

"Ndiye ya m'poto simungaidye?"

"Ine? Ndingaidziwe ndili pakhomo. Ngakhale galu wanga sangaiyandikire."

Ndinaimirira, kupita kugalimoto, n'kubwera nditanyamula poto wanga. Ndinamuika pakati patebulo, phi! Pambali pake ndinaimika kabotolo kaja, katatsala pang'ono kutha.

"Ng'anjo yanu ndi iyi, achimwene. Nkhuni zanu ndi izi. Ola limodzi ndi theka, m'khitchini mwanga, Loweruka lapitali. Nsanza zowiritsa zija ndi zimenezi, ndipo mwatapa katatu, ndimawerenga. Azakhali, sekaninso, bwanji mwasiya?"

A Verlon anatsala kukamwa kuli yasa, nyama ikuonekera, makutu atafiira ngati tsabola. Anayesa kunena kuti anaona kuti yasiyana pang'ono, koma abusa anawayang'ana pamwamba pa magalasi.

"Verlon, lero ndi Lamlungu. Usawonjezere."

Ha, kukoma kwake! Sindinama, chiyambire sindinamvepo kukoma kotero. Miyezi yonse ija ndinkagona ndi chithunzi cha nkhope imeneyi, ndipo inaposa mmene ndinkaiganizira. Ndinatembenuka kuti ndione bambo, ndikuyembekeza kuti aseka, kapena anena kuti mwana wamkazi uja ndiye anatengera dzanja lawo.

Bambo sankayang'ana a Verlon, sankayang'ananso ine. Anali atatenga kabotolo kaja, akukatembenuza m'manja. Anakatsegula, kununkhiza, n'kukatseka. Kenako anatapa kanyama pang'ono, kuika palilime, n'kukhala nako nthawi yaitali osatafuna.

"Earline, ukunena zoona? Yonse ya m'firiji ija?"

"Yonse, bambo. Koma mwaona nokha kuti yakuthandizani, adokotala anati..."

"Miyezi iwiri," anatero motsitsa. "Miyezi iwiri ndikudya utsi wa m'botolo, n'kumauza anthu pafoni kuti ndi hikori wouma bwino. Ndinamuuza Delmer wa kugalaja. Ndinawauza madikoni onse." Analavulira kanyama kaja m'kapepala n'kukapinda bwinobwino. "Miyendo inapita, ndinati palibe kanthu. Mayi ako anapita, ndinati ndi chifuniro cha Mulungu. Ndimati chatsala ndi pakamwa pokha. Kani lilime linafa kalekale, ine osadziwa. Ndipo wasankha kundiuza pamaso pa abusa."

"Bambo, sindimalimbana ndi inu ayi, ndimafuna achimwenewa..."

"Ndamva zimene umafuna. Wazipeza."

Anakankha mbale. Abusa anayesa kuponyapo mawu a m'Baibulo, azakhali anati nyama ndi nyama basi, koma bambo anangopempha ndodo yawo. Ataimirira anatembenukira kwa a Verlon.

"Malo unandipezera aja akadalipo?"

"Bambo, zija tinazisiya, mwachira tsopano."

"Ndafunsa ngati akadalipo. Kumeneko munthu amadya chimene amupatsa, ndipo palibe amamufunsa kuti chawotchedwa ndi nkhuni zanji."

Ndinayesetsa sabata yonse. Ndinapepesa, ndinalira, ndinawaphikira nsomba, mbatata, chilichonse chimene ankachikonda kale. Ankangoti zikomo n'kusiya mbale ili chidzazire. A Verlon nawo anawotcha nkhumba yeniyeni, maola khumi ndi awiri enieni, n'kubwera nayo ikadali yotentha. Bambo anaiyang'ana n'kunena kuti sangadziwe kusiyana kwake, ndiye asavutike.

Anasamuka Lachinayi la sabata yotsatira. A Verlon anabwera ndi galimoto, ndipo mpaka lero akakumana nane amayang'ana pansi, monga mmene ndinkafunira. Malaya a bambo ndinapinda ndine, limodzilimodzi, n'kuwaika m'sutikesi.