Wailesi ya a Jairos

"Wailesi yopanda sipika n'njachiyani? Wina wachotsa."

"Ndiye mukuti pamaliro panali mbava, alamu?" anafunsa amayi amasiye, a Vainess.

A Zakeyo, mng'ono wa malemu a Jairos, anaigwedeza wailesiyo, m'kati munangolira timisomali. Linali tsiku lachitatu chiikireni maliro kumudzi kwawo ku Vubwi, ndipo katundu wa malemu anali pamphasa kuti agawidwe.

"Tizisiye," anatero a Zakeyo, akutembenukira kwa Doreen, mwana yekhayo wa malemu. "Thonje layera m'munda, amako atsala okha. Ku Lusaka usabwererenso."

"Kwatsala chaka chimodzi, atate aang'ono."

"Chaka chochita chiyani? Achimwene ankatiuza okha kuti mwana wawo amaweta madontho."

Anthu anaseka chamumtima. Doreen sakanatsutsa. Pa Khirisimasi anali atawaonetsa atate ake pafoni ntchito yake ya kuyunivesite: timadontho tamankhwala tokhala ndi fumbi lachitsulo, tikuyenda pagalasi motsatira maginito mpaka tikumane n'kusakanikirana, dzanja la munthu osakhudzapo. A Jairos, amene kwa zaka makumi atatu ankatakasa mankhwala a thonje ndi mkono wawo mundowa, anangoti, "Mpaka ku Lusaka kukaphunzira kutakasa?"

A Vainess anadzuka osapempha njira. Anabwera ndi tsamba la koko la kudimba, kabotolo ka fumbi lakuda, ndi chitsulo chozungulira chokulungidwa m'mpango.

"Doreen, gwira tsambali. Mowongoka."

Anadonthezapo madzi pawiri. Madontho anaima ngati mikanda. Limodzi analidetsa ndi inki ya bolopeni, linalo analithira fumbi lija.

"Atate ako ankanola khasu lakuthwa kale kuti apeze fumbi limeneli," anatero.

Anavundukula mpango. Anali maginito a musipika. Anawayendetsa pansi pa tsamba, ndipo dontho lakuda linanjenjemera, linakwawa, kenako linang'ambika pakati, fumbi kupita lokha.

"Mwafulumira, amama," anatero Doreen. "Pang'onopang'ono."

"Nawonso ankalakwitsa pomwepa. Miyezi inayi, masana alionse, chifuwa chikuwavuta. Ankati usadziwe mpaka atakhoza."

"Anakhoza?"

"Kamodzi. Anandiitana ndili pachitsime. Pofika ine, litagwera pansi."

Doreen anaika dzanja lake pansi pa la amayi ake. Anayambanso ndi dontho lina. Linayenda lonse, linadutsa mtsempha wa tsamba, linakagunda la inki lija, awiriwo n'kukhala limodzi.

A Zakeyo anali adakali ndi wailesi pamiyendo. Aliyense pamudzipo ankadziwa kuti a Jairos sankalola ngakhale mkazi wawo kuisintha siteshoni.

A Vainess anapukuta maginito ndi mpango, nawaika m'manja mwa Doreen.

"Alamu, munthu wofuna kuti mwana wake asiye sukulu angaphe wailesi yake?"