Dzina la Kapitawo wa ku Fakitale ya Sopo

A Misomali ankadana nalo dzina limeneli. Anthu anawapatsa chifukwa cha sitolo yawo ya misomali, simenti ndi malata, chonsecho iwo anali ndi dzina labwinobwino la banja, ndipo analilembetsa paliponse pamene penti ingagwire: pakhoma la sitolo, pazitseko za lole, pakalendala yogawira makasitomala. Ngakhale pambale ya galu akanalemba, akazi awo akanapanda kuwagwira mkono.

Dzina la banjalo anasiya ndi agogo awo aamuna, kapitawo wa ku fakitale ya sopo, amene chithunzi chawo chinkakhala pamwamba pa kauntala. Panali kanthu kamodzi kokha kosowetsa mtendere. Banja lonse linkadziwa kuti agogowo anafika m'tauni ndi dzina lina, limene palibe ankalikumbukira, n'kumwalira ndi ili. Chifukwa chake sanauze munthu. A Misomali anali atadzipezera yankho kalekale: agogo anali mwana wa banja lalikulu, adani anawalondalonda ali aang'ono, anthu anawabisa m'dzina lachabechabe, ndiye atakula anabwerera ku dzina la magazi awo. Akazi awo ankati mwina anathawa mimba. Nkhani ikafika pamenepo a Misomali ankakumbukira kuti ali ndi ntchito kunja.

Zinthu zinasokonekera tsiku limene mwana wawo wamkazi, namwino wa kuwodi ya ana, anabwera ndi mnyamata woti akufuna kumanga naye banja. Anali wowotcherera zitsulo, uja ankagula mahinjesi pasitolopo, ndipo dzina la banja lake linali lomweli, osasiyana ndi pang'ono pomwe.

"Ameneyu ndi mlongo wako," anatero a Misomali mnyamatayo atangotuluka. "Dzina limeneli si lotola mumsewu. Aliyense amene ali nalo ndi magazi athu."

Tinene zoona, magazi sanali vuto. Vuto linali ovololo yobookabooka ndi moto ija, ndi zikhadabo zakuda zimene zinagwira kapu ya alendo. Koma zimenezo munthu sanena pamaso pa mwana, pamene chibale chimaneneka bwino, ndipo chimamveka ngati chikondi.

"Chabwino, bambo," anatero namwino. "Kapezeni chibalecho. Mukachipeza ndimusiya. Mukapanda kuchipeza mudzandipereka nokha, mutavala suti."

A Misomali anavomera mosangalala. Anaona kuti aphera mbalame ziwiri pamodzi: ukwati utha, ndiponso banja lalikulu lija lipezeka, popeza ngakhale mtengo waukulu umakhala ndi nthambi zouma, ndipo wowotchererayu anali nthambi yotero.

Anayamba ndi kufakitale, n'kupeza kuti masiku ano amasungiramo matayala. Anayendera abale okalamba, koma onse ankakumbukira chinthu chimodzi, choti kapitawo anali wolusa ndipo ankanunkhira sopo. Pomaliza anamva kuti wowotcherera ali ndi azakhali a bambo ake, nkhalamba yokhala m'kachipinda kuseri kwa shedi yowotchererayo. Akazi awo anati atume munthu. Iwo anakana, amvekere kandimverere anakanena za m'maluwa. Anachotsa chithunzi pakhoma, kuchipukuta, n'kupita okha.

Anadutsa pakati pa mageti osamaliza ndi mafelemu a mawindo atanyamula chithunzi pachifuwa, akuteteza nsapato zawo ku zitsulo. Azakhaliwo anawapeza atakhala pabedi, akuonera anthu ogwetsana pakanema, mawu ali pamwamba. Sanatsitse mpaka wina atagwetsedwa.

"Ndinu bambo ake a mtsikana uja? Khalani pandowapo, mpando wathyoka. Pakhomo pa wowotcherera m'pamene mipando sikonzedwa."

A Misomali anakhala pandowa n'kufotokoza za banja lalikulu, za adani, za mwana wobisidwa. Kenako anatembenuza chithunzi. Azakhali anavala magalasi, kuchiyandikiza kumaso, n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Uyu? Uyutu ankagona pakhonde pathu!"

"Mwina mukusokoneza, mayi. Awa anali kapitawo."

"Ndikudziwa. Khutu lopindikali ndingaliiwale? Anabwera m'tauni muno ndi kabudula mmodzi, amayi anga n'kumumvera chisoni. Nthawi imeneyo bambo anga anali atalembedwa ntchito kufakitale ya sopo, yosonkha moto wa boyila. Koma bambo anga anali woimba gitala m'mabala, kudzuka m'mawa kunali nkhondo. Lolemba lina mutu ukuwawa anamuuza uyu kuti, tenga khadi langali, ukandigwirire lero lokha, akaitana dzina langa ukavomere. Anthu anali ambirimbiri pageti, ndani akanayang'ana nkhope?"

"Lero lokha," anabwereza a Misomali, mawu atachepa.

"Lero lokhalo linabereka ana ndi zidzukulu. Bambo ankagona, mnzawo ankagwira, mwezi ukatha n'kugawana. Aliyense ankadziona wochenjera. Kenako zala za bambo zinayamba kuuma, gitala inakanika, ife tikukula. Anavala malaya abwino n'kupita kukatenga ntchito yawo. Pageti alonda anafunsa dzina. Atalitchula, alonda anaseka, amvekere limenelo ndi la a kapitawo athu. Anakamuitana. Anatuluka atavala jekete loyera, cholembera m'thumba, kuwayang'ana bambo anga kuyambira kumutu mpaka kuphazi."

"Ndiye anati chiyani?"

"Anati, munthu uyu sindimudziwa."

Panja makina owotcherera anali kulira, kuwala kwake kukuphethira pakhoma. A Misomali anamva manyazi otentha, amene sanawamvepo chibadwire, ndipo ndowa ija inayamba kuwalasa.

"Bambo anagona kupolisi, mlandu wake wonamizira dzina la munthu wolemekezeka," anapitiriza azakhali. "Mpaka kumwalira, mumsewu mwathu ankawati uja wofuna kuba dzina la kapitawo. Dzina lawo lomwe! Ife kusukulu aphunzitsi ankatifunsa ngati tili pachibale ndi a kapitawo, tikakana ankati n'zoonekeratu."

A Misomali anafufuza pogwira. Anati mwina agogo anali ndi zifukwa zawo, nthawi zinali zovuta, ndiponso anagwira ntchito molimbika.

"Kulimbika analimbikadi, zimenezo sindingamunamizire. Dzinali likanakhala ndi bambo anga likanathera m'bala. Iye analisambitsa, kuliveka jekete, inu mwalikweza palole. Ndimaliona likudutsa apa, ndimati taonani dzina la bambo anga, lanenepa kwa eni."

"Ndiye kuti chibale palibe," anatero a Misomali, ngati munthu wowerenga yekha chigamulo chake.

"Ngakhale kadontho. Anawo akwatirane. Mtsikana wanuyo ndamuona, ndi waulemu, anandibaya jakisoni osamva kuwawa. Ndipo musadandaule, iyeyo ndiye adzakhale woyamba kwanuko kulowa m'dzinali kudzera pakhomo. Ena nonsenu munalowera pawindo."

Anakweza mawu a kanema, kusonyeza kuti mlandu watha. A Misomali anaimirira, miyendo itachita dzanzi. Za ukwati zinali zitawachoka kale m'mutu. Suti anali nayo, adzavala. Chinawavuta chinali china, ndipo anachifunsa ali pakhomo, mwaulemu umene sanabwere nawo.

"Mayi, pepani. Nanga dzina lawo lenileni linali ndani? Limene anabwera nalo?"

Azakhali anaganiza moona mtima, maso ali kudenga. Anafunadi kuwathandiza.

"Mwana wanga, munthu wogona pakhonde amafunsidwa dzina? Bambo ankati mnyamata. Amayi ankangoti iwe. Iwe, katunge madzi. Iwe, tseka geti. Ankabwera."

A Misomali anatuluka. Wowotcherera anazimitsa makina, kukweza chigoba cha kumaso, n'kupukuta manja paovololo asanapereke moni.

"Mwachipeza chibale, bambo?"

"Uuze akwanu abwere Loweruka," anayankha osamuyang'ana.

Anadutsanso pakati pa mageti aja, ulendo uno osasamala nsapato. Kutsogolo lole yawo inali itaima pamsewu, dalaivala akuwadikira. Atatsala pang'ono kufika, windo la kachipinda kaja linatseguka, ndipo mawu a azakhali anamveka bwalo lonse.

"Iwe! Waiwala chithunzi chako!"

Pabwalopo panali amuna ambiri, ogwira ntchito ndi makasitomala omwe. Anatembenuka ndi a Misomali okha.