Kuseri kwa Makhadi a Aphunzitsi

Supuni itafika pamlomo, amayi anatembenuzira nkhope kukhoma. Supu inadonthera pabulawuzi, mwana wawo wamkazi n'kupukuta ndi chala.

Linali tsiku lachitatu chiikireni m'manda amuna awo, Aphunzitsi, ndipo amayi anali asanalawe kanthu kupatula madzi. Mutu wawo unayamba kusokonekera zaka zisanu zapitazo. Ankaiwala mayina a ana awo, ndipo kumanda anafunsa kawiri kuti wamwalira ndani. Zaka zonsezo ankawadyetsa ndi amuna awo. Tsopano milomo inali itauma, maso atalowa, ndipo adokotala anachenjeza kuti mapiritsi a shuga asamwere m'mimba mopanda kanthu.

Mwana wawo wamwamuna, amene aliyense ankangomutchula kuti Dalaiva, anaima pakhomo akuseweretsa makiyi a lole. Ananena kuti abwana ake anamupatsa sabata imodzi yokha, choncho kunali bwino kuwatengera amayi kuchipatala akawadyetse ndi chubu. Mchemwali wake, wosoka zovala, anakana. Anati tsiku lina amayi atagonekedwa kumeneko anazula singano n'kumakuwa mpaka anawamanga manja.

"Munathawa nyumba ino muli ndi zaka 17, achimwene. Mukufuna kuthawanso?"

Chimene Dalaiva anathawa ankachidziwa onse awiri. Bambo awo ankaphunzitsa ana a sukulu za mipikisano ya mafunso, ndipo ntchitoyo ankabwera nayo mpaka patebulo. Mwana sankagwira mbale asanatchule likulu la dziko lakutali kapena chaka chimene mfumu ina inafa. Wolakwa ankaimirira kufikira ena atatsiriza kudya. Dalaiva anaimirira kwambiri paubwana wake.

Wosoka anagwada, anawanyengerera amayi ngati khanda, kenako anawakalipira, kenako anapepesa akulira. Amayi anangoyang'ana mpando wopanda munthu umene unali pafupi ndi zenera.

"Sanandifunse," anatero ndi mawu osasa.

Mawu amenewa anali atawanena dzulo lake, ndi dzana, koma ana ankayesa ndi zobwebweta. Apa wosoka anakumbukira kuti akaimba foni masana, ankamva bambo akuwerenga chinachake mokweza asanayankhule naye. Anathamangira kuchipinda n'kubwera ndi katoni ya nsapato yodzaza makhadi odula pamanja, othimbirira m'mbali. Anaipereka kwa mchimwene wake chifukwa mawu ake ankafanana ndi a malemu.

Dalaiva anakhala pampando uja monyinyirika, natulutsa khadi limodzi.

"Pulaneti yaikulu kuposa zonse ndi iti?"

Amayi anatembenuka. Anawongola msana, naika manja pamaondo ngati mwana wa sukulu.

"Mwezi."

"Ayi, amayi. Ndi Jupita."

Mawuwo anatuluka okha asanaganize. Nkhope ya amayi inagwa. Anabwereranso kukhoma, ndipo ngakhale anawafunsa za kuchuluka kwa mafupa a munthu, za phiri lalitali, za nyanja yakuya, sanacheukenso. Misozi inkangotsika mwakachetechete. Dalaiva anaimirira mwaukali, akunena kuti munthu uja akuwazunzabe ali m'manda, ndipo bondo lake linagunda katoni. Makhadi anamwazika pansi ponse.

Wosoka anayamba kutola. Atatola angapo anasiya, nakhala pansi pomwepo, n'kumupatsa mchimwene wake limodzi.

Kutsogolo kunali funso: Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inatha chaka chanji? Kuseri, ndi inki yakale yofufuma, kunalembedwa kuti 1945. Koma m'munsi mwake munali zilembo zatsopano, zokhotakhota, za dzanja lokalamba: "Chaka chimene tinagula wailesi." Pambali pake panali chizindikiro chochonga, chachikulu, cha inki yofiira.

Anatembenuza lina. Timu ya mpira wamiyendo imakhala ndi osewera angati m'bwalo? Yankho lakale linali 11. Latsopano linati, "Onse amene abwera," ndipo linali lochongedwa. Makhadi pafupifupi onse anali choncho, lililonse ndi tsiku lake, mayankho a amayi olembedwa mosamala ngati a mayeso a boma. Panalibe ndi limodzi lomwe lothethedwa.

Dalaiva anatola lina limene linagwera pansi pa tebulo. Funso linali lakuti, ndani anayamba kuzungulira dziko lonse lapansi? Pansi pa dzina la munthu wakale wapanyanja, bambo ake analemba zimene amayi anayankha chaka chatha: "Mwana wathu, ndi lole yake." Anachonga kawiri, nawonjezera ndi dzanja lawo kuti, "Zoona."

Anakhala nalo khadilo m'manja nthawi yaitali. Mchemwali wake anapita kukatenthetsanso supu, ndipo atabwerera anamupeza atakokera mpando pafupi ndi amayi, maondo awo akugundana.

"Funso lina, amayi. Nyama yothamanga kwambiri pamtunda ndi iti?"

Amayi anatembenuza mutu pang'onopang'ono, akumuyang'ana mokayika.

"Nkhuku ikaona mpeni."

"Mwakhoza," anatero Dalaiva. "Malikisi onse."

Amayi anagwedeza mutu ngati munthu amene ankadziwa kale kuti akhoza, nayasamula pakamwa. Iye anauzira supu ya pasupuni, anailawa kaye ndi nsonga ya lilime, n'kuwapatsa, dzanja lina ali kunsi kwa chibwano chawo.