Mkamwini wa Malambe

Galimoto yoyera itaima pa fakitale ya Fagness pa Golomoti, mayi ake, a Elizabeti, anayamba atsekera nkhuku m'khola. Mlendo wopukuta nsapato asanatsike ngwofunika kumuyang'anitsitsa.

Fagness ankapanga zakumwa za malambe, ndipo amayi am'mudzi ankadyera pomwepo. Mlendoyo, a Wyson, anatumidwa ndi kampani ya ku Zambia. Boma linali litakhwimitsa malamulo, mabotolo awo sankaloledwanso kudutsa pa malire. Ndiye anaganiza zogula gawo la fakitale ya kuno, kuti katundu wawo azibadwira m'dziko muno.

"Tibweretsa makina aakulu, kenaka zonse tisamutsire ku Lilongwe," anatero a Wyson. "A Fagness azikayang'anira kumeneko."

Lilongwe, kumene galimoto sizipatsa munthu moni! A Elizabeti anachoka pamkeka nakhala pakati pa awiriwo.

"Bambo, mwam'konda mwana wangayu kapena mwakonda khomo lake?"

"Khomo, mayi," a Wyson anaseka. "Kwina konse atitsekera."

"Ehee, bola simunama. Koma kuno wofuna mwana wamkazi sam'nyamula ngati thumba la makala. Amamanga nyumba pompano, alime, tione ngati amadzuka m'mawa. Chitengwa amapempha tsitsi litayamba kuyera."

"Amayi, si ukwatitu uwu," Fagness ananong'ona.

"Ndikudziwa! Ukwati uli ndi ankhoswe. Izi zikakuthera m'tauni, adzakubweza ndani? Udzadwala, phala adzakuphikira makinawo?"

Fagness anafuna kuseka, koma anaona kuti mayi ake sakuchita nthabwala. Anawagwira dzanja, natembenukira kwa mlendo.

"Mwamva, achimwene. Makina abwere kuno kuli mitengo ya malambe. Apo ayi, kagogodeni pena."

A Wyson anapita kuseri kwa nyumba ndi foni yawo, nayankhula mpaka thukuta kamukamu. Penapo panalibe: mafakitale ena anali atagwirana kale ndi alendo anzawo.

Makina anafika mvula isanagwe. A Elizabeti anawazungulira chapatali, atakoka zidzukulu kumbuyo kwawo.

"Musayandikire, chimadya zala ichi! Inunso apongozi, chipewa kumutu, dzuwa la kuno silidziwa mlendo."

"Ndiye mwandivomera, amayi?" anafunsa a Wyson.

"Aaa, msanga bwanji? Tione kaye dzinja." Anawakankhira mbale ya mbatata zootcha. "Idyani, mwaonda. Koma uzirani, zimawotcha."