Mzere umene Jenala anaudula

Panatsala masiku asanu kuti dziko lilandire ufulu, ndipo mpingo wa ku Chifubu unkafuna mwana mmodzi yekha wodzalakatula ndakatulo ya akapolo pachikondwerero. Jenala, mtsikana wa Sitandade 6, ankaufunitsitsa mwayiwo moti ankaloweza ngakhale potsuka mbale. Koma tsiku loyesa ana, aphunzitsi a Tembo anamuimitsa asanafike patali.

"Jenala, uli kuti mzere uja wakuti, 'Goli pakhosi, phazi patsogolo'? Pabolodi ndinaulemba kasanu."

"Ndaunena kamodzi, aphunzitsi. Amalume anati kwinako n'kubwereza chabe."

Amalume akewo, a Festus, anali wolemba zikwangwani za magolosale, munthu wodana ndi mawu otayika. Ataona kope lake anati, "Iwe, 'Pano tigulitsa buledi' timalemba kasanu ngati? Dula!" Jenala anaduladi, ndakatulo n'kutsala ngati mchira wa mbuzi.

Anzake atamva yankho la Jenala anaseka, iye manyazi n'kumugwira. A Tembo sanakalipe. Anaitana ana anayi, n'kuwasenzetsa nsungwi imodzi pamapewa.

"Zungulirani tchalitchi. Jenala, uzinena mzerewo akamaponda."

Ulendo woyamba kunali phwete. Pofika wachinayi kuseka kunatheratu, ndipo Annet, wamng'ono pa onse, anadandaula, "Aphunzitsi, kodi sitifika?"

"Limenelo ndiye funso la kapolo," anatero a Tembo. "Mlakatuli amabwereza dala, kuti womvera atope monga anatopera woyendayo. Tsono taona ndime yomaliza, Jenala. Goli lilimo?"

"Mulibe. Muli mbalame: 'Namzeze wawoloka mtsinje, palibe womufunsa.'"

"Namzezeyo akuimira chiyani?"

"Mtima wa kapoloyo. Thupi lamangidwa, koma mtima wapita kwawo."

"Eyaa! Nanga ukachotsa goli, mbalameyo ikuthawa chiyani? Ubwerenso mkuja, ndidzakumvenso."

Madzulo ake Jenala ankayeseza pakhonde, mzere uja kasanu konse. A Festus anayamba kung'ung'udza, koma bambo ake a Jenala, a Obadiah, amene anali atangoweruka kufakitale ya kopa, anasiya kumasula nsapato.

"Alamu, musiyeni mwanayo," anatero. "Agogo anga aakazi anali ndi chipsera apa, pakhosi. Anagwidwa ukapolo ali mtsikana, n'kudzathawa panjira. Tikawafunsa ankangoti, 'Tinayenda, tinayenda, tinayenda.' Ife tinkaseka, tinkati ndi ukalamba." Anapukuta m'maso. "Lero ndi pamene ndawamva."

A Festus anangoyang'ana utoto wa m'zikhadabo zawo.

Mkuja wake a Tembo anasankha Jenala. Pachikondwerero sanathamange ayi. Mzere uja ankaukoka pang'onopang'ono, ulendo uliwonse molemera kuposa woyamba, mpaka azimayi a kumbuyo anayamba kuusa moyo. Atafika pa namzeze, tchalitchi chonse chinaphulika ndi nthungululu.

Potuluka, a Festus anamugwira dzanja Jenala.

"Ndinakulakwitsa, mwana wa mlongo wanga. Kasanu kaja mwinanso n'kochepa."

Phunziro: Usachotse mawu m'ndakatulo usanafunse chimene akusenza. Ndipo wamkulu akamabwerezabwereza nkhani, tchera khutu, mwina pamenepo ndi pamene pali bala.